Mathero Ali M'mimba mwa Mbuzi

Usiku wathawu ndinalota, amwali, ndipo musandidule pakamwa mpaka nditsirize. Paja Lachisanu lino ndine wofotokoza buku pansi pa mango kwa a Egile, filimu isanayambe. Koma buku munandipatsa lija lilibe masamba otsiriza. Lathera pomwe mayi wina waima pasiteji ya minibasi ndi chikwama, mwamuna wake akumuchonderera kuti abwerere kunyumba. Anakwera kapena sanakwere? Funso limenelo ndi lomwe ndinagona nalo.

Ndiye ndinangopezeka ndili pamango pomwepo, dzuwa litangolowa, kutentha kwa Okotobala kukuyamba kuphwa. Kamphepo kakutsika kuchokera kuphiri la Zomba, nyenje zikulira, inu nonse mwayala zitenje, thobwa lozizira likuyenda m'manja. Shiti yanga yoyera ija tinali titaimanga kale pakati pa mitengo iwiri kuti filimu iwonekerepo.

Mwadzidzidzi shitiyo inatsokomola.

"Mayi Nasibeko," inatero, "sabata yatha munandipachika osandichapa. Anthu ankayesa mkwatibwi wa m'filimu ali ndi chipsera pamphumi, chikhalirecho ndi tiyi wanu."

"Iwe ndiwe nsalu," ndinaiyankha. "Koma poti wamera pakamwa, tandiuza: mayi wa m'buku uja anakwera minibasi?"

"Ine ndimangoonetsa zomwe andithira kumaso. Kafunseni okulungira zitumbuwa."

Ndiye ndinanyamuka, mpando wapulasitiki ukunditsata ngati galu, ukudandaula njira yonse kuti mwendo wake wosokedwa ndi waya ukuwawa. Tinafika pamsika. Mayi wogulitsa zitumbuwa anali kung'amba mabuku n'kumakulungira malonda ake, ndipo chitumbuwa chilichonse chinkawerenga mokweza tsamba lomwe chavala. China chinkawerenga masamu, china kalimidwe ka fodya.

"Chomwe chinavala tsamba lanu agula a khansala," anatero mayiyo, osandiyang'ana n'komwe.

Mwadzidzidzi ndinali m'minibasi, ndipo minibasiyo inali ofesi ya a khansala. Anali atavala jekete m'kutentha konse kuja, tsamba langa lili patebulo, lonyowa ndi mafuta.

"Mathero a buku satuluka opanda chidindo," anatero.

Akuyankhula choncho ndevu zinayamba kutalika, nyanga zinaboola chipewa. Mlembi wawo anasanduka nanzikambe, dzanja lili m'malere kulunjika kuchidindo koma osafika. Mbuzi ya jekete ija inangoweramira patebulo n'kuyamba kutafuna tsambalo ine ndikuona. Ndinaigwira nyanga.

"Lavulani, bwana."

"Ndameza kale, mayi. Kanali kabwino, kamchere pang'ono."

"Chabwino, anakwera kapena sanakwere?"

"Ine ndimadya, sindiwerenga. Meee."

Ndiye ndinatembenuka kuti nditsike, koma pakhomo panali patatsekeka. Mayi wa m'buku uja, yemweyo, phazi limodzi m'minibasi, lina pansi, chikwama pamutu. Kumbuyo kwake mwamuna akungobwereza, "Mayi a Limbani, taganizaninso. Mayi a Limbani, taganizaninso."

"Asisi, miyendo yachita dzanzi," anandiuza mayiyo. "Ching'ambireni masamba aja ndili pomwepa."

"Nanga inuyo mukufuna chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Buku lonse lija palibe anandifunsapo zimenezo."

"Ndakufunsani ine. Yankhani msanga, filimu iyamba."

"Ndikufuna kukhala pansi, ndimwe chozizira, ndione mavuto a anthu ena."

Ndiye ndinamugwira dzanja, minibasi inanyamuka ndi mbuzi yake, ndipo mwadzidzidzi tinali pamango paja. Mpando wapulasitiki unasiya kudandaula, unadziika wokha kumbuyo kwake, iye n'kukhala, n'kuvula nsapato. A Egile anamuthirira thobwa osafunsa kuti ndi mlendo wa ndani. Mwamuna uja anatitsata ndi "taganizaninso" wake, ndiye tinamupatsa ngodya ya shiti kuti agwire, poti chingwe chinali chitaduka. Anaigwira bwino ndithu. Filimu inayamba, mango akugwa limodzilimodzi padenga la bafa, chipsera cha tiyi chili pamphumi pa aliyense wolowa m'chithunzi. Mayiyo ankaseka mpaka kumenya ntchafu yanga, ine n'kumabwezera pa yake.

Ndinali pafupi kumufunsa komwe akagone filimu ikatha pomwe ndinamva mawu panja pa zenera: "Zitumbuwa zamotooo!"

Ndinadzuka thukuta lili kamukamu, buku lili pachifuwa. Lachisanu mathero ndifotokoza amenewo. Wotsutsa abweretse masamba, ndipo wina abweretse mpando wapadera.