Mundilembe M'gulu la Mabulangete

Kwa Bwana Mkulu wa Nyumba Yosamalira Okalamba,

Ndagwada bwana, ngakhale mawondo ake ndi omwe mukuwadziwa aja. Ndine mdala wa m'chipinda chakumapeto, bedi la kuwindo. Ndinali kondakitala wa basi zaka makumi atatu, wolongolola wotheratu, mpaka sitiroko inandimanga lilime. Mutu uli bwinobwino, makutu ndi akuthwa, kungoti mawu amachedwa kutuluka. Ndalemba ndi dzanja lamanzere, pepani ndi zilembo zokhotazi. Ine kwanga n'kuthokoza basi.

Choyamba, zikomo potumiza otisamalira ku maphunziro a tsiku limodzi a kalankhulidwe ndi okalamba. Anabwerako akukuwa. Pano akandifunsa ngati m'mimba mwayenda, ngakhale mlonda wa pageti amadikira yankho.

Chachiwiri, khadi lija loti ndizilozapo, la zithunzi zisanu: kapu, bedi, chimbudzi, nkhope yoseka ndi nkhope yolira. Nzeru zakuya zedi! Moyo wonse wa munthu wazaka 78 wakwana pamenepo. Magalasi anga atagwera kuseri kwa kabati, ndinasowa poloza. Ndinkangogwira khadilo mwachimbulimbuli, chala n'kumagwera pa kapu. Milungu itatu, bwana, tiyi kasanu ndi kawiri pa tsiku. Chithunzi cha chimbudzi chokha ndiye ndinkachiloza mochokera pansi pa mtima.

Chachitatu, lamulo lanu la mphindi zisanu pa munthu aliyense. Ana otisamalirawa si ankhanza ayi, amangothamangitsidwa ndi wotchi. Amafunsa funso, n'kudziyankha okha, yankho langa likamafika pamlomo iwo ali kale chipinda chachitatu. Inetu pa basi ndinali waphuma, koma gogo akamakwera ndinkadikira mwendo wachiwiri ulowe.

Tsono pali wolakwa mmodzi, mayi uja anzake amamutcha Chidodo. Ameneyu ndi wosamvera, ndikuvomereza. Tsiku lina anaika khadi lanu pambali, n'kukoka mpando, n'kukhala pansi. Maso ake ankangotsata kumene maso anga akupita. Ndinalimbana ndi liwu limodzi mpaka thukuta, iye osandimalizira, osayang'ana wotchi. Kenako anadzuka n'kusuntha kabati. Magalasi aja ali mbuu ndi fumbi! Ndinalira, bwana, nkhope yeniyeni osati ya pakhadi.

Mlandu umenewu unatenga mphindi makumi awiri. Ndamva kuti mwamupatsa kalata yomuchenjeza, ndipo Lolemba mukumusamutsira kochapira, kuti chidodo chakecho chisafalikire kwa anzake. Mwachita bwino, chikanafalikira tikanayamba kumvana m'nyumba muno.

Koma ndisaname, ndikuopa. Akachoka iyeyu, tsiku limene ndidzamve kupweteka pachifuwa ndidzapatsidwa tiyi.

Sindingapemphe kuti musinthe lamulo, ndine yani ine? Pempho langa ndi laling'ono. Ndamva kuti kochapirako bulangete limaviikidwa m'madzi mphindi makumi anayi, popanda wolithamangitsa, ndipo likatuluka amalitembenuza uku ndi uku kuona ngati lili bwino. Chonde bwana, Lolemba likafika mundifufute m'kaundula wa anthu, mundilembe m'gulu la mabulangete, munditumize kwa mayi Chidodo. Nalonso bulangete siliyankhula, koma inu mumalipatsa nthawi.

Ngati zavuta, bwerani nokha mudzandikanire pamaso. Ndidzakuyankhani ndithu, mungobwera ndi mpando.

Ine wanu wogwada, wokhuta tiyi,

Mdala wa bedi la kuwindo