Tsiku Limene a Lufeyo Anakwawa pa Khomo la Banki

Mwambi uwu chiyambi chake chili motere, atsikana inu, ndipo musawamvere amene amati unachokera kwa makolo akalekale. Unayambira kuno ku Bangwe, nyumba yachitatu kuchokera pa mpopi, ine ndikuona ndi maso angawa. Miseche sindikonda, mukundidziwa, koma nkhani iyi ndikaisunga indidwalitsa.

M'nyumba imeneyo munkakhala a Lufeyo Chikakuda, kalaliki wa pakampani ina yogulitsa simenti ku Limbe, akazi awo a Nangondo, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwandida, amene anali folomu 3. A Lufeyo anali munthu wabwino, wosamenya mkazi, wosatukwana. Matenda awo anali amodzi: chilichonse kwa iwo chinali cha mawa. Denga likadontha, mawa. Dzino likawawa, mawa.

Chimene chinkagwira banja limenelo sanali malipiro a bambo ayi, koma filiji ya a Nangondo. Inali yaikulu, yotsekula pamwamba ngati bokosi, ndipo anaigula atasonkha chipereganyu zaka zitatu. M'menemo ankaziziritsa thobwa ndi mafilizesi n'kumakagulitsa pa geti ya sukulu. Fizi ya Mwandida inkatuluka m'filiji imeneyo.

Tsono a Lufeyo anali ndi khadi ya ngongole, ija mumangolowetsa m'kamakina m'sitolo n'kunyamula katundu ngati ndi wa bambo anu. Anaidyera zaka ziwiri. Pofika chaka chachitatu ngongole inali K600,000, ndipo chiwongoladzanja chake chinali cha katapila weniweni, kungoti wovala tayi. Akalipira kangachepe, ngongole m'malo motsika inkanenepa. Kenaka kunabwera kalata yotchula masherifu. A Nangondo ataimva, anangopita kukaima pafupi ndi filiji yawo, chifukwa m'nyumba monsemo chinthu choti sherifu angatukule chinali chomwecho.

Sabata yomweyo kuntchito kwa a Lufeyo kunabwera mtsikana wa ku banki ina yatsopano, wa nsidze zojambula.

"Bambo, musadandaule," anatero mtsikanayo. "Tengani khadi yathu. Ife tikalipira ngongole yanu yonse kubanki kwanu, isamukire kwa ife. Miyezi khumi ndi iwiri yathunthu palibe chiwongoladzanja. Mungolipira kandalama kosamutsira basi."

"Ngakhale tambala?"

"Ngakhale tambala. Koma mumvetsetse apa. Muzilipira K50,000 mwezi uliwonse kuti chaka chikamatha muthane nayo. Mukadutsitsa ngakhale tsiku limodzi isanathe, chiwongoladzanja cha chaka chonse chidzuka nthawi imodzi."

A Lufeyo anamva mawu oyambawo. Omalizawo anadutsa pamwamba ngati ndege.

Madzulo ake anafika pakhomo akuimba mluzu, atanyamula nkhuku.

"Mayi a Mwandida, nkhondo yatha! Ngongole ija ndaigoneka."

"Mwaigoneka kapena mwailipira?"

"Ndaisamutsa. Yagona chaka chathunthu."

A Nangondo, ngakhale analekezera sitandade 6 ngati ine, masamu ankawadziwa. Anawerenga pa zala nati, "Ine ndizikupatsani K30,000 ya m'filiji mwezi ndi mwezi. Inu muziikapo K20,000. Mukalandira muzipita ku banki tsiku lomwelo, mwamva bambo a Mwandida?"

"Nanga ndine mwana?"

Mwezi woyamba a Nangondo anapereka ndalama zija zitamangidwa ndi labala, zambiri zili zamakwinya, zonunkha thobwa. A Lufeyo anaikapo zawo, nanyamuka. Atafika pa banki anapeza mzere wautali. Anaima pang'ono, kenaka anayamba kudzifunsa: munthu wagona, umamudzutsiranji? Banki yanena yokha kuti chaka. Kuwapatsa lero n'kuwalemeretsa chabe. Anabwerera, nakabisa ndalamazo m'thumba la m'kati la suti yawo ya ukwati. Ankati adzapereka zonse pamodzi, mtsikana wa nsidze uja adzadabwe.

Mwezi wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu chimodzimodzi. Akazi awo akafunsa lisiti, ankati, "Masiku ano zonse zili pa kompyuta, mayi, mapepala anasiya."

Koma ndalama yokhala m'nyumba imanunkha, abale amaimva ali ku Mulanje. Mwezi wachisanu mchemwali wawo anaimba foni kuti akumanga chiliza cha malemu bambo awo, simenti yaperewera. Munthu wogwira ntchito ya simenti angakane bwanji? Anatapako. Mwezi wachisanu ndi chitatu kunali ukwati wa mwana wa mchemwali yemweyo, ku holo ya ku Chigumula. Ine ndinaliko, ndinavala chitenje cha yunifolomu, ndiye apa palibe angandinamize.

Itafika nthawi ya perekaniperekani, mnyamata woyendetsa mwambo anakuwa pa chimkuzamawu: "Tsopano tikufuna malume a mkwatibwi! Malume a ku Limbe! Bwana oyenda ndi makadi awiri! Tione ngati ali malume enieni kapena a pa chithunzi!"

Anthu anaseka, nthungululu zinalira. A Lufeyo anali atavala suti ija, ndalama zili pachifuwa. Anaimirira. Anayamba ndi ma K500, akuvina pang'onopang'ono. Mnyamata uja anati, "Aaa, malume, amenewo ndi a ana a Sande sukulu!" Dzanja linalowa m'thumba la m'kati. Ma K2,000 anayamba kuuluka ngati masamba a m'chilimwe. Nyimbo anaibwereza katatu. A Nangondo anali kukhitchini kuthandiza kugawa mpunga, osadziwa kuti limene likupondedwa pa simenti paja ndi thobwa lawo la miyezi isanu ndi itatu.

Ena amanenanso za kamkazi kena kogulitsa kaunjika ku Kachere, kuti nakonso kanalawako. Zimenezo sindinaone ndi maso, ndiye sindinena. Koma tsitsi limene kanaluka mwezi umenewo silinali la ndalama ya kaunjika.

Mwezi womaliza utatsala sabata imodzi, a Nangondo anatenga suti ija kuti akaiyanike, inkanunkha nkhungu. Anamva kanthu m'thumba. Anapeza K140,000 ndi kalata ya ku banki yosatsekula. Mwandida ndiye anawawerengera. Ngongole inali pomwe inayambira, K600,000, tsiku lomaliza Lachisanu.

Sanakuwe mayi amene uja. Ine ndikanakhala ine, Bangwe yense akanamva. Iwo anangodikira amuna awo, naika ndalamazo patebulo.

"Bambo a Mwandida, ine chaka chonse ndakhala padzuwa pa geti paja. Miyendo iyi yatupa. Ndimagulitsira suti?"

"Mayi, ndimati ndikonza..."

"Liti?"

A Lufeyo anayang'ana pansi. Ngakhale iwo anachita manyazi kutchula mawu awo aja.

M'mawa mwake a Nangondo anakwera minibasi kupita kwawo ku Thyolo. Mchimwene wawo anagulitsa mbuzi zinayi, nawapatsa K260,000. Yotsalayo, K200,000, anakaitenga kwa a Jumbe, katapila wa kumsika, ndipo chikole chake chinali filiji. Ankati banki ikachoka pakhosi, malipiro a bambo adzabweza a Jumbe m'miyezi itatu. Lachitatu madzulo ndalama zonse zinakwana.

"Mawa tipitira limodzi," anatero a Nangondo.

"Ayi mayi, chonde. Mukufuna anthu aziti Chikakuda amaperekezedwa ku banki ngati mwana wa ku sikelo? Ndisiyireniko ulemu umodzi wokhawu."

Apa ndi pamene mayi uja analakwa, ndipo mpaka lero amadziimba mlandu. Anawamvera chisoni.

Lachinayi a Lufeyo anapitadi. Koma kunali kutha kwa mwezi, aphunzitsi atalandira, mzere utatuluka panja mpaka kukhota pa sitolo ya Mmwenye. Anayang'ana wotchi nati, "Tsiku lomaliza ndi mawa, si lero. Mawa anthuwa akhala atachepa."

Lachisanu m'mawa anati ayambe aonekera kuntchito. Masana anati ayambe adya. Itakwana 2 koloko anakwera minibasi yopanda anthu, n'kukhala momwemo kudikira kuti idzaze. Mnyamata wa njinga yamoto anawaitana, "Madala, tiyeni, mphindi zisanu tafika!" Iwo anakana, ati mtengo wake wachuluka ndi K500.

Anafika pa banki 3 koloko itadutsa ndi mphindi zinayi. Mlamu wanga amagulitsa nthochi pakhonde pomwepo, ndiye izi ndinazimva zikadali zamoto. Chitseko cha chitsulo chija, chotsika kuchokera pamwamba, chinali chitafika m'mawondo. A Lufeyo anaponya chikwama m'kati, nagwada, nagona chafufumimba, n'kuyamba kukwawa. Bambo wa zaka makumi asanu, wa tayi, mimba ikukhula simenti. Mutu unalowa, mapewa analowa, koma kumbuyoku kunakanirira. Mlonda anawagwira mwendo, nsapato inatsalira m'manja mwake.

"Madala, tatseka! Mukufuna ndikuyeseni wakuba?"

"Mwana wanga, ndili ndi ndalama! Ndabwera kudzapereka, sindikudzatenga!"

Anakwawabe mpaka analowa, nafika pa kauntala ndi mawondo, nsapato imodzi. Mtsikana wa nsidze uja anawazindikira. Akuti nayenso misozi inalengeza.

"Bambo, makina tatseka. Ngakhale nditalandira, zilowa Lolemba. Munali kuti chaka chonse?"

Lolemba ndalama anazilandira, inde. Koma chiwongoladzanja chinali chitadzuka, K280,000, ndipo banki inayamba kudula ku malipiro. Zobwezera a Jumbe panalibe. Itatha miyezi itatu ija a Jumbe anabwera ndi anyamata awiri ndi wilibala.

Chimene sindidzaiwala ndi ichi. A Nangondo anapempha kuti adikire kaye. Anatulutsa mafilizesi otsala nagawira ana a m'mudadada, ulere. Kenaka anatenga kansalu ndi sopo, naitsuka filiji ija m'kati ndi kunja, pang'onopang'ono, ngati akusambitsa maliro. Atatha anati, "Nyamulani bwino, chitseko chake chimavuta." A Lufeyo anali atakhala pa khonde, manja ali m'mutu.

Teremu yotsatira Mwandida sanapite ku sukulu. Pano ali ku Thyolo ndi mayi ake, amathyola tiyi. A Lufeyo alipo, mumawaona amadutsa apa ndi kajumbo, tsitsi lonse mbuu. Amati akawatenga akazi awo zinthu zikakhala bwino. Dzina loti Chikakuda linafera pa khomo la banki paja. Kuyambira tsiku limenelo ngakhale ana amangoti a Zengerezu.

Ndiye inu mwayamba ntchito m'tauni, mukamva kuti ngongole yagona, dziwani kuti yatsinzina diso limodzi. Ndipo wina akakuuzani kuti mawa, mukumbutseni za bambo wa nsapato imodzi uja, chifukwa Zengerezu adalinda kwawukwawu.