Mmene Ndinathawitsira Bulauzi ya Apongozi

Iwe watsamira njinga apowe, ukusekanji? Dazi langali? Seka, koma udziwe kuti dazi ili si la ukalamba, ndi la makina ochapira zovala. Amene akuti Yobe Mbewe ndi wabodza atseke makutu, ine ndikamba basi.

Zinali zaka zija salaula, zovala zakaunjika zochokera kunja, itangodzaza pamsika. Ine ndinkagwira ntchito yochapa zovala pa boma, kunyumba ya mkulu wina wasitolo amene anagula makina ochapira ku Lusaka, okhawo m'Chadiza monse, koma kogona kunali ku Mlolo, kuchikamwini. Apongozi anga aNaphiri sankandifuna ngakhale pang'ono, ati mwamuna wochapa zovala za anzake si mwamuna. Loweruka lina mkazi wanga Esinati anatulukira kuntchito kuja ndi mtolo pamutu, maso atatupa ndi kulira.

"Bambo a Tiyese, amayi akuti muchape izi m'makina anuwo. Bulauzi yoyera ya chigwirizano cha amayi a kutchalitchi ikabwera ndi kadontho, mutenge khasu lanu muzipita kwanu."

Msamphawo mwauona? Mkamwini sayang'ana zovala za apongozi, kuzikhudza ndiye usanene. Ndikakhudza, mwano. Ndikakana, ulesi. Konseko banja latha. Mtima unandiwawa zedi, chifukwa Esinati ndinkamukonda, koma ndinaluma mano ndikuti, ukwati wanga sufera m'thovu la sopo.

Ndinamanga nsanza kumaso, ndinatenga timitengo tiwiri tansungwi, n'kuyamba kusankha zovala ndi makutu. Ee, makutu! Choyera chimakhala chete, chakuda chimang'ung'udza, chofiira chimalira ngati mafuta m'chiwaya, ndiye zoyera ndinaunjika kumanja, zakuda kumanzere, bulangete payokha chifukwa imalemera, kenako ndinapisa timitengo tija m'matumba poti singano imodzi imatha kupha makina, ndipo m'thumba la siketi munatuluka mtedza, zipini, lumo, chimanga chowotcha, ndi nkhuku yofungatira mazira imene mudzi wonse unkaisaka chikololereni. Mukumva? Zoyera ndinalowetsa chimodzichimodzi, mozungulira, osathithikiza ngati thonje m'thumba, pamwamba n'kusiya mpata woti madzi azisewera. Sopo waufa pang'ono, chitseko tseke, batani ndinadina ndi chigongono.

Koma pansi pa mtolo, mayi aja anali atabisa juzi yofiira ya salaula, yosachapidwapo chibwerereni kutsidya la nyanja. Ndinaimva ikulira, ndinainyamula ndi kamtengo n'kukaiponya m'ndowa yamadzi kuseri kwa chimbudzi. Nditachotsa nsanza kumaso, ndinaona utoto wasefukira m'ndowa muja, ukukwawa pabwalo, osalowera kumunsi monga achitira madzi, koma kumtunda, n'kukwera masitepe, uku ukununkhiza kumene kuli bulauzi. Ndikulumbira, pali malemu amayi anga!

Kuzimitsa makina sikukanatheka, zovala zinali zisanatsukuluzike. Ndinapinda nkhata, ndinasenza makinawo akuzungulira chomwecho, madzi ali m'kati khuvu khuvu, ndinatulukira pawindo, liwiro la mtondo wadooka kulunjika ku Mlolo, waya wamagetsi akutanuka kumbuyo ngati ulimbo osaduka, utoto uli pachidendene panga, ndikalumpha ngalande nawo ulumpha, ndikakhota nawo ukhota, mbuzi yoyera ya aphunzitsi ena inangodutsa pakati pathu n'kutuluka yofiira mpaka ana ake, ndipo dothi lonse la katondo mukuliona m'njira imeneyo kale linali mchenga woyera. Minibasi ndinaipitirira, kondakitala n'kundipempha kuti ndimutengereko anthu awiri. Pamene makina anayamba kufinya, nkhata inapsa, tsitsi linayaka, fungo linamveka mpaka ku Pembamoyo, koma ine osaima. Ndiime, ndikagone kwa yani?

Miyendo itayamba kulefuka ndinaona munda wathonje lotumbuka bwino. Ndinadutsa pakati penipeni. Utoto uja, dyera, unaiwala bulauzi n'kugwera thonje lija, kumwa, kumwa, mpaka unakhuta n'kugona pomwepo. Mwini munda anakolola thonje lofiira chaka chimenecho, ndipo sindinamuuze chifukwa chake.

Makina anaima okha ndendende pakhomo pa apongozi. Ndinawatula, ndinagwada chofulatira monga mwa ulemu, utsi ukufuka pamutu, Esinati amene ananditsatira panjinga atanyamula nkhuku ija ndiye anatsegula n'kutulutsa bulauzi. Kuyera kwake, atambala anayamba kulira poyesa kwachanso kachiwiri. ANaphiri anaitembenuza, anayang'ana m'khwapa, m'khosi, m'mabowo a mabatani, anabwereka magalasi a abusa, kadontho osakapeza. Anangotuma Esinati kuti andipatse nkhuku ya m'thumba ija, pamodzi ndi mazira ake.

Khasu langa silinachoke pamudzi paja. Mayi aja tinadzakhala nawo bwino zaka zambiri, moti atadwala anakana wina aliyense, ati zovala zawo azichapa bambo a Tiyese. Atamwalira, amayi a chigwirizano anawaveka bulauzi yomweyo, ndipo ine ndinalira kuposa ana awo obereka. Ili pomwepo pansi pa nthaka, yoyera mbee, yopanda kadontho. Wofuna umboni atenge fosholo, manda ndimulozera, akaone yekha. Ine sindingayang'ane nawo, ndine mkamwini.