Palachuti ya a Fanuelo

Ngati munafikako ku Kachulu zaka zapitazi n'kukumana ndi mkulu wina woonda, atabereka chikwama chobiriwira ngati mwana wokana kutsika kumsana, musafunse kawiri, amenewo anali a Fanuelo. M'chikwamamo munalibe zovala kapena matemba. Iwo ankati muli palachuti, chiambulera chimene oyendetsa ndege amadumpha nacho zinthu zikavuta kumwamba. Ndege yoti auluke nayo inali isanathe, koma ankanena kuti munthu wanzeru amayamba wagula chotsikira asanaganize zokwera.

Ndegeyo ankaipangira kuseri kwa nyumba yawo. Mateyala anali a njinga ya kabaza, mapiko a malata, injini ya pampu yothirira mpunga, ndipo woyendetsa ankakhala pampando wapulasitiki umene unabwerekedwa pa ukwati wina n'kuiwala njira yobwerera.

Palachutiyo anaigula ku Zomba kwa wogulitsa kaunjika amene anaipeza m'belo la majekete. Mpunga wonse wa chaka chimenecho, umene analima ku sikimu ya Likangala, unathera pomwepo. Akazi awo, mayi Enelesi, ankayembekeza kugulira mpungawo nsalu ya yunifomu ya Mvano. Anangowayang'ana amuna awowo, n'kukakhala pakhonde mpaka nkhuku zitalowa.

Woyamba kukayika anali Sharifu, wogula matemba, mnzawo wa bawo.

"Che Fanuelo, mwaitsegula n'komwe?"

"Sitsegulidwa chisawawa imeneyi. Imatsegulidwa munthu akamagwa."

"Nanga mwadziwa bwanji kuti imagwira ntchito?"

"Ndamufunsa wogulitsayo. Akuti mwiniwake woyamba sanabwereko kudzadandaula."

"Akufa sadandaula, achimwene! Muli masanza umo. Akudyerani masuku pamutu."

Kuyambira tsiku limenelo Kachulu anagawikana pawiri. Ena tinkati muli palachutidi, ena ankati muli masanza, ndipo dzina la a Fanuelo linalendewera pamenepo. Aliyense ankangodikira kuti mkuluyu adzagwe, tidzaone.

Ndipotu kugwa ankagwa ndithu. Tsiku lina anapita ndi njinga yomwe m'ngalande ya kusikimu. Anthu anasiya makasu n'kuthamanga, osati kukawavuula ayi, koma kukaona ngati akoka chogwirira chija chimene chinkakhala pachifuwa.

"Bwanji osakoka, ankolo?"

"Uku si kugwa," anatero akulavula matope. "Uku n'kuterereka."

Atagwa padenga la Sharifu akumufolerera udzu, anadzuka akutsimphina n'kumudzudzula mwini nyumba: "Denga lako lafupika. Ndisanaganize zokoka ndinali nditafika kale."

Kutchalitchi ankakhala nayo kumsana, atangogunditsa thako m'mphepete mwa benchi. Lamulungu lina abusa atakweza mawu kuti masiku ano anthu akugwa m'machimo, mpingo wonse unacheuka kuyang'ana dzanja la a Fanuelo. Abusawo anakhosomola, n'kuitanitsa nyimbo nthawi isanakwane.

Chaka chimene nyanja inaphwa, asodzi akulira, mabwato atagona pamatope ouma, munthu mmodzi yekha ndiye ankamwetulira. A Fanuelo anati Mulungu wawapatsa bwalo la ndege lofika mpaka ku chilumba cha Chisi. Tinawathandiza kukankha chinthu chawocho. Injini inalira ngati chigayo cha chimanga chosauma, utsi kuti tolo, agalu onse a pa doko ali pambuyo. Ndegeyo inathamanga ndithu, ndisaname, mpaka inakagunda bwato lakale, n'kudumpha pang'ono, n'kukazika mphuno m'thope. Titafika tinawapeza akuloza pansi monyadira.

"Taonani apa. Palibe mkukuluzi wa teyala. Apa ndinali m'mwamba."

Malowo anali oti mbuzi ikhoza kudumpha osathamangira n'komwe, koma palibe anawatsutsa.

Patangopita miyezi yochepa, injini ija inasiya kulira. Nkhuku zinayamba kuikira pampando wa woyendetsa. Tinkati ukalamba wawapeza. Koma chikwama sichinachoke kumsana, ndipo ukali wake unachita kuwonjezeka. Asodzi anapempha nsaluyo kuti apange thanga la bwato, anakana. Adzukulu akangochikhudza, ankalawa kamtengo.

Anatisiya mwezi wa Januwale, atadwala pang'ono chabe. Tsiku loika maliro mvula inagwa yosaona nkhope, ndipo galimoto yobweretsa tenti inatitimira isanafike. Anthu tinaunjikana m'makonde, ena pansi pa mapiko a ndege ija, bokosi likusowa poikidwa kuti mwambo uyambe. Apo Sharifu, maso ali psuu, anakagwada pamaso pa namfedwa.

"Mayi, anzangawa ankati palachuti ija imatsegulidwa munthu akamagwa. Nanga lero sanagwe?"

Mukanapezeka masanza, a Fanuelo akanapita kumanda akusekedwa, ndipo panalibenso woti awayankhire. Mayi Enelesi anaitanitsa chikwama chija, n'kukoka okha chogwirira chija.

Kanatumphuka kaambulera kakang'ono, konga chipewa cha mwana, n'kukagwera m'thope.

"Mpunga wonse uja, kameneka?" wina anafunsa.

Koma kanali ndi chingwe. Sharifu atachikoka, inayamba kutuluka nsalu yoyera mbee, kutuluka, kutuluka, osatha. Amuna anaimangirira kumitengo ya mango ndi kunsungwi, ndipo inaphimba bwalo lonse, bokosi, kwaya ndi abusa omwe. Amayi ena anaiwala kuti ali pamaliro, nthungululu inawapulumuka.

Kungoti pakatikati penipeni panali chibowo, chodulidwa bwinobwino ndi sizasi. Ukachiyang'anitsitsa unkaona thupi la bulauzi, ndi manja ake awiri pambali. Maso onse anatsika pang'onopang'ono kuchoka pachibowocho mpaka pa bulauzi yoyera ya Mvano imene mayi Enelesi anavala.

"Musandiyang'ane choncho," anatero mayiwo. "Unali mpunga wanga. Ndinadikira zaka, nsalu osaoneka. Ndinasomola ulusi kunsi kwa chikwama iwo akusamba, ndinadula yanga, n'kusokanso."

"Ndiye akanadumpha nayo bwanji?" anafunsa Sharifu.

"Iwo anadziwa. Tsiku loyamba kuivala anaigwira pamkono, n'kunena kuti, 'Mayi, mwavala zakumwamba.' Basi, sanawonjezerepo. Injini sanailizenso, ndipo sanalole munthu atsegule chikwamachi, kuopa kuti mungandiseke ine."

Palibe anaseka. Mvula inkadontha pachibowo paja n'kumagwera pamutu penipeni pa Sharifu, koma iye sanasunthe mpaka mwambo unatha.

Palachutiyo ilipobe. Kukagwa zovuta m'mudzi uno timakaibwereka kwa mayi Enelesi, ndipo chibowocho anatiletsa kuchigamba. Ndege ija mpaka lero ili kuseri kwa nyumba, maungu atayanga pamapiko. Koma Kachulu wazizira, anzanga. Masiku ano munthu akagwa panjinga timangomudzutsa n'kumusasa fumbi, popanda woti timufunse kuti bwanji osakoka. Ine ndimawasowa kwambiri. Kandege kakamadutsa pamwamba pa nyanja, Sharifu amasiya bawo n'kukweza maso, ndipo kakazimiririka amayang'ana malo opanda munthu ali patsogolo pake, n'kunena motsitsa kuti, "Sewerani, che Fanuelo, ndi nthawi yanu."