Mwana Wodwala Amene Ndinamupeka ku Chileka

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa miyezi ingapo, koma poti theka la Lirangwe likuidziwa kale, bola muimve kuchokera kwa mwiniwakene.

Kumudzi kwathu ine ndi mmodzi wa amayi ongodzipereka amene timaphunzitsa anzathu za kadyedwe kabwino ka ana. Lachitatu lililonse timakumana pakhonde la tchalitchi, ine n'kumawawerengetsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya. A zaumoyo anatipatsanso tisheti yoyera yolembedwa pachifuwa kuti MWANA ADYE ZAKASINTHASINTHA, ndipo ine ndimaivala ngakhale popita kuchigayo.

Pakamwa pokha, ndivomere, panalibe mabuleki. Tsiku lina ndinawaimiritsa amake Yankho pamaso pa gulu lonse chifukwa ndinawaona pachiwaya akumugulira mwana wawo tchipisi. "Mafuta ndi mchere basi! Mwana akula ndi chiyani?" ndinakalipa choncho. Mayi aja anangoweramitsa mutu, ndipo sanabwerenso kugulu. (Ine ndinkati ndagwira ntchito yotamandika.)

Ndiye Loweruka lina tinapita ku Chileka kukaperekeza achimwene anga amene amakwera ndege ya ku Joni. Tinalipo atatu: ine, mlamu wanga (mkazi wa achimwenewo), ndi mwana wanga Tadala wa zaka zisanu ndi ziwiri, yekhayo amene ndili naye. Tisheti ndinavala, musafunse n'komwe. Ndege itanyamuka njala inatipweteka, ndiye tinalowa mu lesitilanti ina m'mbali mwa msewu.

Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha chakudya cha ana: kabokosi kofiira, mkati mwake tchipisi, soseji, kantchafu ka nkhuku, pambali chakumwa chozizira. Tadala anaima pomwepo ngati wamera mizu.

"Amayi, lero lokha."

Ndikanatha kungoti ayi mwakachetechete. Koma ndinaona kuti pamatebulo ena pali makolo, ndiye uphunzitsi unandikwera kumutu. Ndinakweza mawu kuti aliyense amve: m'kabokosi umo mulibe masamba, mulibe chipatso, muli mafuta obwerezabwereza ndi shuga wowoletsa mano. Bambo wina anasiya tchipisi chili m'malere n'kundiyang'ana. Ndinaitanitsa mpunga, nyemba ndi chisoso, mbale zitatu. Tadala anadya misozi ili lengelenge, koma anamaliza. Ndi mwana womvera.

Vuto linali fungo. Abale, fungo limene linkachokera kukhitchini kuja silinali la dziko lino. Ndipo nachi chinsinsi changa: chibadwire ndinali ndisanalawepo soseji. Ndinkainyoza ndisakuidziwa. Patebulo loyandikana nafe kamwana kena kankailuma pang'onopang'ono katatsinzina, ine nyemba zikundikanirira pakhosi.

Mwayi (kapena nditi tsoka) unabwera pamene mlamu anati akukagula mayunitsi kutsidya kwa msewu, Tadala n'kumutsatira kuti akaone ndege ina imene inkatera. Atangotuluka ndinakodola mayi woperekera zakudya.

"Asisi, kabokosi ka ana kaja mundikulungire kamodzi," ndinanong'ona.

Anayang'ana tisheti yanga, kenako nkhope yanga. "Si mumati n'zoipa?"

"N'ka mwana wanga wodwala. Akukana china chilichonse."

Bodza linatuluka losalala, ngati ndinagona ndikulikonza. Ine ndinkaganiza kuti zithera pomwepo, koma mayi uja anatembenukira kukazenera ka kukhitchini n'kukuwa ndi mawu onse: "Ka ana kamodzi kotenga! Mufulumire, n'ka mwana wodwala wa amayi a tisheti awa!"

Kabokosi kanabwera kotentha. Ndinakalowetsa m'chikwama, chikwama pamiyendo. Ndinati ndingolawa katchipisi kamodzi, kuti pophunzitsa ndizinena chinthu chimene ndikuchidziwa. (Mwaona mmene munthu amadzinamizira?) Kamodzi kanaitana kena. Kenako kantchafu. Ndinkadya nditaweramira m'chikwama ngati ndikufuna makiyi, maso ali pakhomo. Msuzi wa tomato unadontha pa tisheti, ndendende pa mawu akuti ADYE, koma sindinaone. Soseji ndinaisungira kumapeto.

Ndinali nditangoiluma, theka lili panja pakamwa, pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Amake Tadala, ndamva kuti mwana wadwala?"

Anali amake Yankho, atavala epuloni, m'manja atanyamula nthochi ziwiri ndi kachigubu ka thobwa. Kani anapeza ntchito yosenda mbatata mu lesitilanti momwemo, ndipo anandizindikira pakazenera paja. Sanabwere kudzandiseka ayi. Anatuluka ndi nkhawa yeniyeni, kuti mwana wodwala asadye zamafuta zokhazokha, monga mmene ndinkawaphunzitsira ineyo.

Anayang'ana soseji. Anayang'ana m'chikwama, mmene munali mafupa okhaokha. Ine kumeza osatheka, kulavula osatheka.

"Kapena muli ndi mwana wina amene sitikumudziwa?" anafunsa, koma mofatsa.

Ndisanayankhe, Tadala analowa akudumphadumpha, wathanzi ngati kamwana ka ng'ombe, akufotokoza za ndege. Anafika patebulo, ananunkhiza, n'kuona kabokosi kofiira kakusuzumira m'chikwama. Anasiya nkhani ya ndege pakati.

"Amayi, mwadya zoipa zija nokha?"

Bambo uja wa tchipisi anatsamwa ndi kuseka mpaka mkazi wake anamumenya pamsana. Amake Yankho anaika nthochi patebulo. "Ina mudye ndinu, mayi. Gulu la zipatso musaliphonye." Atatero anabwerera kukhitchini. Kunena zoona, akanandilalatira bwenzi zili bwinoko.

Mu minibasi yobwerera mlamu ankangogwedezeka mapewa, atatseka pakamwa ndi chitenje. Ine ndinafunda chitenje changa pachifuwa kubisa dontho lija, limene tsopano ndinali nditaliona, dzuwa likuswa mtengo. Tadala anakhala pazenera osandiyang'ana. Kuseka kwa anthu ndikanakupirira, koma chete wa mwana uja ndi amene anandilasa. Titadutsa Lunzu ndinamugwira dzanja.

"Tada, ndakulakwira. Ndinanama, ndiponso ndakumana."

"Zinali zokoma?"

Ndinaganiza zonamanso, koma bodza la tsiku limenelo linali litakwana. "Zinali zokoma kwambiri."

"Ndinadziwa," anatero, n'kubwezera nkhope kuzenera.

Titatsika pa Lirangwe ndinagula mbatata, kabichi ndi tomato pamsika. Kunyumba ndinakazinga tchipisi ndi manja angawa, ndinadula saladi, ndinawiritsa dzira, n'kumuikira zonse m'mbale imodzi. Anadya mosathamanga. Nditatambasula dzanja kuti nditoleko kamodzi, anakokera mbale kumbali.

"Inu munadya kale."

Mawa lake titaweruka kutchalitchi ndinapita kwa amake Yankho kukapepesa za tsiku lija ndinawachititsa manyazi. Anandilandira bwino, anandiyalira mkeka, koma amuna awo atandipatsa moni anafunsa kuti, "Nanga odwala aja adzuka bwanji?"

Zimene ndimaphunzitsa zija n'zoona ndithu, m'kabokosi muja mulibe chokulitsa mwana, ndipo ndimanenabe. Kungoti masiku ano ndimanena motsitsa mawu, nditakhala pansi. Za soseji zokha musandifunse. Theka lija linagwera pansi pa tebulo m'chipwirikiti chija, ndipo mpaka lero limandiwawa.