Mapuruni a bambo a Misozi

Lolemba
Sabata yachiwiri bambo a Misozi akudzimbidwa. Chiyambire matenda a impsowa, m'mimba mwawo mumangouma. Lero Misozi, mwana wathu wa ku Lusaka, watumiza phukusi pa minibasi ya ku Kanakantapa: mapaketi awiri a zipatso zouma, zakuda, zamakwinya ngati zigongono zanga. Akuti mapuruni. Akuti ndiwiritse m'madzi, adye asanu m'mawa uliwonse. Ndawiritsa. Sabata ino ndiwachiritsa ndekha!

Lachiwiri
Asanu aja asanduka khumi ndi awiri, msuzi womwe amwa. Masana akuchokera kuseri kwa nyumba akuimba nyimbo ya kwaya. Zatheka! Ndauza amai a Phiri apafupi nafe, iwo auza mudzi wonse.

Lachitatu
Tsiku la sikelo ndi magazi ku chipatala. Nesi wafunsa zomwe akudya, bambo akudzitama ndi mapuruni. Nesi waika cholembera pansi. Akuti zipatsozi zadzaza potaziyamu, mchere wina womwe impso zodwala zimalephera kutulutsa. Ukachuluka m'magazi, mtima utha kungoima. Zoti tichepetse kapena kusiya:
mapuruni
nthochi
kotapela, mapeyala aja (mtengo uli pakhomo penipeni!)
tomato
mbatata, pokhapokha nditanyika, kuwiritsa ndi kutaya madzi.
Watipatsa mankhwala ena ofewetsa m'mimba. Mu minibasi pobwerera bambo akundigwira bondo.

Lachinayi
Ndabisa mphika mu nkhokwe. Bambo ndawapeza komweko, supuni m'manja, akuti akuona ngati muli anankafumbwe. "Nifuna chabe kununkhiza, amake Misozi." Ndalanda supuni. Ndalirira kukhitchini, ndanamizira utsi.

Lachisanu
Kutaya chakudya cha mwana wanga sindingathe. Ndadya ndekha mphika wonse. Kumunda sindinapite. Maulendo asanu ndi umodzi kuseri! Bambo akhala pa mpando pansi pa kotapela, akuwerenga mokweza ndikamadutsa. Chidwalire sanasekepo chonchi.

Loweruka
Misozi wamva zomwe ananena nesi, waimba foni akulira, akuti akanapha atate ake. Iwo amuuza kuti aleke zimenezo, chiyambire chaka sanadyepo chokoma chotere, ndipo otsalawo agwira ntchito yaikulu pa amake. Ndamva mwana akuseka m'misozi. Paketi yachiwiri yapita kwa amai a Phiri. Ndawachenjeza, sanamve.

Lamulungu
Amai a Phiri kutchalitchi sanaoneke.
Udokotala ndausiya. Ndiwo za lero ndi kabichi wowiritsa, madzi kutaya, wopanda tomato, mchere wongoloza ndi chala. Ndalawa: ngati pepala lonyowa. Magazi akayezanso Lachitatu, ndipo mantha sanandichoke.
Bambo adya mpaka mbale kuyera. "Mwaphika bwino, amake Misozi."
Zaka makumi anayi ndikuwadziwa akamanama. Ndawaonjezera kabichi wina.