Mpando Wopanda Loko

Lolemba

Loweruka, 3 koloko masana. Ndalemba pakhoma pamwamba pa bedi, ndalemba m'foni, ndalembanso pano.

Kuya Nestor, mkulu wa ku Philippines amene amaimba gitala yogona m'bandi ya pahotela pathu ku Marina, mu Dubai muno, akupita kwawo miyezi iwiri. Gitala akuisiya. Auza bwana wa zoimba, mayi wosadziwa kuseka, kuti pali Mmalawi wina wokonza maholo amene akhala akumuphunzitsa chaka chathunthu pa nthawi ya nkhomaliro. Bwana akuti: "Nyimbo imodzi, lesitilanti isanatsegulidwe." Nyimbo imodzi! Ndikakhoza, miyezi iwiri ndili pa siteji. Ndikalephera, ndibwerera ku ntchito yanga ya zaka zitatu, yonyamula mipando yokhalira anthu ena.

Gitala imeneyi si yokoleka m'khosi. Ili ndi miyendo inayi ngati tebulo, nsambo khumi zoyang'ana kumwamba. Dzanja lamanzere limatereretsa kachitsulo kolemera pansambo, zala zakumanja zimavala zikhadabo zachitsulo, mapazi amaponda mapedulo, mawondo amakankha timikono takunsi. Malemu bambo anga ankaimba hauyani, gitala wamba atagoneka pamiyendo, botolo la mankhwala m'manja. Iyi ndi hauyani yomweyo, koma yopita kusukulu.

Vuto ndi mpando. Wa Kuya ndi kabokosi ka miyendo kotsegula pamwamba, m'katimo muli nsambo zapadera, waya, kachitsulo, zikhadabo ndi mafuta a msana. Ngwaufupi, poti mwiniwake amandilekeza paphewa, ndiponso akupita nawo kwawo.

"Woimba wopanda mpando wake amataya zinthu," akutero Kuya, maso ali pa ine. Zikhadabo zimene anandipatsa ndataya kale kawiri, kamodzi ku londile m'thumba la yunifomu, kachiwiri mubasi. Izi ndi zachitatu, ndipo akuti zina kulibe.

Mpando wogula uyenera kuchokera kunja, ungafike Kuya atabwerako kale. Ndipanga ndekha. Zofunika:
- bokosi lolimba
- miyendo inayi
- mahinjesi awiri
- siponji ndi nsalu
- loko
- kudekha

Chomalizachi sindikudziwa sitolo yake.

Lachiwiri

Bokosi lapezeka kuseri kwa khitchini, munabwera mbale. Ndalikhalira, ndalidumphira, silinadandaule.

Ndaweruka msanga, ndakwera sitima ya Metro mpaka Al Rigga. Dzuwa la kuno silidziwa kuti munthu ali pa changu. Masitolo asanu ndi awiri! Wina ali ndi mahinjesi koma alibe misomali yake, wina ali ndi siponji ya matiresi athunthu ndipo sakufuna kudula. Wogulitsa loko wandifunsa ngati ndikumanga khola la mbalame. Ndavomera kuti nkhani ichepe.

Mu Metro pobwerera phazi langa likuponda mapedulo osaoneka. Ndaponda nsapato ya munthu kawiri.

Kuchipinda kwathu ku Jebel Ali, m'nyumba za kampani, tilimo anayi: ine, a Mbewe a sikiyuliti amene ndi aakulu kwa tonse, Che Saidi oyendetsa galimoto ya hotela amene ali kutchuthi kumudzi, ndi Mulenga wa ku Chipata amene amagona masana onse. Ndayala katundu pabedi. A Mbewe atola loko, amutembenuza, andiyang'ana kwa nthawi.

"Loko m'chipinda cha abale, mphwanga? Watiyesa akuba?"

Ndalongosola za zikhadabo, za basi, za londile. Iwo akuti zaka zitatu tikudyera mbale imodzi, sopo mmodzi, ngakhale chimfine timagawana. Mulenga wadzuka kuti anene kuti kwawo munthu wotseka bokosi samuuza maliro, kenaka wagonanso. Manyazi andigwira. Ndachotsa loko pa mndandanda, ndawapatsa a Mbewe kuti aone kuti mtima wanga ngwoyera.

Lachitatu

Loko uja ali pa sutikesi ya a Mbewe. 

Ndabwereka sowo ndi hamala kwa akalipentala a hotela. Ndikukhomera pakhonde, mlonda wa nyumba wabwera kawiri kudzati khalas, m'Chiarabu ndiye kuti basi, siyani. Ndati khalas, ndadikira akhote, ndapitiriza.

Mwendo umodzi wafupika. Ndadula itatu inayo. Tsopano wina ndiye wafupika. Ndadulanso. Mpando watsika mpaka wafanana ndi wa Kuya, chinthu chimene ndimathawa! Ndakhomera timatabwa pansi pa miyendo yonse ngati nsapato, wabwerera m'malo mwake. Ndayeza ndi chingwe kuchokera pansi kukafika pabondo. Ndayezanso. Ndayezanso kachitatu chifukwa sindikukhulupirira chingwecho.

Nsalu ndi katani yakale yofiira ya m'holo. M'kati ndagawa zipinda zitatu:
- chachikulu: waya ndi nsambo
- chapakati: pepala la nyimbo ndi kansalu kopukutira
- chaching'ono: kachitsulo ndi zikhadabo zitatu

Ndatseka, ndatsegula, zonse zilimo. Ndapita kosamba, ndabwerako, zilimobe. Mtima wanga sunaonepo mtendere wotere chifikire ku Dubai. Wakhala mphindi khumi.

A Mbewe aukhalira, agwedezeka uku ndi uku, akuti ndi mpando wa bwana. Pofika madzulo m'chipinda chapakati muli chaja yawo, rimoti ya eyakoni ndi kalumo ka Mulenga. Akuti ndi malo okhawo m'chipinda muno amene chinthu ukachiika umachipeza. Ndiye ndimati chiyani?

Lachinayi

Ndachotsa chaja, rimoti ndi kalumo. Pobwera kuntchito ndapezamo chaja, rimoti, kalumo ndi mchere.

Masana Kuya andimvetsera nyimbo yonse. Akuti manja ali bwino, mapazi ali bwino, koma ndimathamanga ngati basi ikundisiya. Akuti gitala iyi imafuna munthu wokhala pansi ndi mtima womwe. Ndikudziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhonoyo ilibe bwana woidikira Loweruka.

Che Saidi abwerako kumudzi! Monga mwa mwambo, munthu sabwera yekha. Sutikesi yawo muli malaya awiri okha, kwina konse ndi mitolo ya eni ake, uliwonse ndi dzina lake papepala. Usipa wa a Mbewe, utaka wa anyamata a chipinda chachiwiri, ufa, mtedza, thelele louma, mbewa za munthu amene sakufuna kutchulidwa. Kwa ine akazi anga, mayi a Tadala, atumiza botolo laling'ono la tsabola wa kambuzi wosinja okha. Khonde lonse likununkhira msika wa kwathu, anthu akubwera kudzangopuma mpweya.

Lamulo la nyumba zino n'lodziwika: chakudya cha fungo m'chipinda ayi. Akachipeza amataya m'bini, nakupatsa kalata yochenjeza. A Mbewe ali nazo kale ziwiri, yachitatu ndi yokaonana ndi akuluakulu.

Uthenga wa mawu wochokera kwa mayi a Tadala: "Bambo a Tadala, ndawauza amayi a kwaya kuti mwasiya zonyamula mipando, tsopano ndinu oimba. Akuti mutumize vidiyo." Ndinawauza kuti ndikukayesedwa chabe. Mawu akuti kuyesedwa anatsalira panjira.



Lachisanu

Kuya aimba komaliza dzulo. Lero mpando wawo wapita ku kago, kotumizira katundu pandege, pamodzi ndi zonse zam'katimo. Kuyambira pano, kachitsulo ndi zikhadabo zimene ndikuzidziwa mu Dubai yense ndi zimene zili m'mpando wanga. Ndatsegula kasanu ndisanakwere basi.

Kuntchito kuli ukwati mawa usiku. Mipando mazana anayi, kuivekanso nsalu zoyera ndi maliboni. Uliwonse ndikaunyamula ndikuuuza chamumtima kuti tsala bwino.

Mavuto atsopano:
- Supavaiza wandiika shifiti ya 6 koloko m'mawa, ndiweruka 2:30.
- Woyendetsa basi ya antchito akuti mipando sikwera basi yake.
- Pachitseko amata pepala: mawa 9 koloko kuli inisipekishoni ya zipinda.

Che Saidi akuti ndisadandaule, adzaubweretsa pa galimoto ya hotela isanakwane 3 koloko, inshallah. Ndikanakonda akanasiyira pa 3 koloko pomwepo.

Madzulo chipinda chadzaza, msonkhano wa usipa. Tiubisa kuti? Pansi pa matiresi a inisipekishoni amayang'anapo. M'kabati amatsegula. Kudenga anatulukira chaka chatha. Kenaka ndaona maso onse akutembenukira ku ngodya yanga.

Ndati mpando wanga usakhudzidwe. Ndanena mwaulemu, ndanenanso mopanda ulemu.

"Ndani angakhudze chida cha ntchito cha munthu?" akutero a Mbewe. "Gona, mphwanga, mawa ndi tsiku lako."

Ndayang'ana loko wanga pa sutikesi yawo. Akuwala bwino.

Loweruka

M'mawa. Ndatsegula komaliza 5 koloko: waya, nsambo, pepala, kachitsulo, zikhadabo zitatu. Ndachotsa mchere. Ndapita.

2:30. Ndasamba kumaso, ndavala malaya oyera. Ndayenda kuchokera pa siteji kukafika pakhomo la kumbuyo kakhumi ndi kawiri.

2:50. Che Saidi atulukira, thukuta lili kamukamu. "Yalla, habibi, tiyeni m'bale wanga, mpando wanu uwu. Inisipekishoni tapambana, sanapeze ngakhale mutu wa nsomba." Mpando walemera. Ndikuganiza kuti ndi mantha andifooketsa manja.

2:57. Bwana akhala kutsogolo ndi kabuku. Kuya ali pambali, bandi yonse ili chilili. Ndaika mpando kuseri kwa gitala, msinkhu wake uli ndendende. Ndatsegula.

Chipinda chachikulu: usipa ndi utaka. Chapakati: mtedza, thelele, mbewa. Chaching'ono: botolo langa la tsabola.

Foni yanjenjemera m'thumba. A Mbewe: "Tizitsulo tako tatisunga bwino pansi pa pilo wako, tingayambe kununkha nsomba. Zabwino zonse, mphwanga."

Pilo ali ku Jebel Ali. Ine ndili ku Marina. Ndatseka msanga, koma fungo latuluka kale ndipo eyakoni ya hotela ndi yamphamvu. Woimba ng'oma akununkhiza m'khwapa mwake.

Kuya abwereka waya kwa woimba bezi, koma kachitsulo palibe amene ali nako. Bwana ayang'ana wotchi. Ndakumbukira bambo anga. Ndatsegulanso pang'ono, ndasolola botolo la tsabola, ndaligoneka pansambo. Zala zopanda zikhadabo, mawu ochepa, koma gitala yalira. Yalira ndithu! Ndime yoyamba sindinathamange n'komwe. Kuya atsinzina, akugwedeza mutu. Kwa mphindi imodzi ndakhala pansi ndi mtima womwe.

Ndime yachiwiri, chitsekerero chayamba kumasuka chifukwa chopita uku ndi uku. Kadontho kofiira pa nsambo yachitatu. Kenaka mzere. Botolo likuterera kuposa mmene ndikufunira. Thukuta lalowa m'diso, ndapukuta ndi dzanja lamanzere.

Zotsala sindinazione. Ndamaliza nyimbo misozi ili chuchuchu, maso otseka, mapazi akuponda chilichonse chimene apeza. Woimba piyano akuti anaganiza kuti nyimbo yandikhudza, mpaka iyenso anayamba kuyetsemula.

Bwana atseka kabuku. Akuti shukran, zikomo ya Chiarabu. Akuti miyezi iwiriyi mbali ya gitala aziimba wa piyano pa makina ake. Lesitilanti itsegulidwa mochedwa ndi theka la ola, zitseko zonse zili pululu. Kenaka andiloza, aloza mpando, aloza khomo la kumbuyo. Ndaunyamula bwinobwino, poti ntchito imeneyo ndiye ndimaidziwa.

Zandipweteka. Sindibisa, zandipweteka kwambiri, ndipo si diso lokha.

Lamlungu

Diso latupa pang'ono. Sindinapite kutchalitchi, ndikuopa mafunso.

Dzulo asananyamuke kupita ku eyapoti, Kuya anandipeza ndikupukuta nsambo zonse khumi ndi gitala yawo yonse. Sanakalipe. Anati ndime yoyamba inali ya woimba weniweni, yachiwiri inali ya wophika. Kenaka anakhalira mpando wanga, anagwedezeka, anautsegula, anautseka msanga. Akuti akabwerako ndiwapangire wotere, waufupi, koma wokhala ndi loko.

Kachitsulo ndi zikhadabo ndazipeza pansi pa pilo, zokulunga bwino m'mpango wa a Mbewe. Kunena zoona, sabata yonse yatha ndisanataye chikhadabo ngakhale chimodzi.

A Mbewe akuti pepani, ndipo akuoneka kuti akunena zoona. Akuti ndawapulumutsa ku kalata yachitatu, andipatsa mbale ya usipa yodzaza kuposa ya wina aliyense. Ndafuna kukana. Ndadya. Unali wokoma, n'chimene chikundikwiyitsa.

Anyamata a zipinda zina abwera atatu kudzafunsa ngati ndingawapangire mpando wa inisipekishoni. Mbiri yanga yafika mpaka nyumba yachitatu, koma palibe amene wafunsa za nyimbo.

Mayi a Tadala akufuna vidiyo ya amayi a kwaya. Ndawayankha kuti tsabola wawo wafika pa siteji ya hotela yaikulu, ine ndinangomuperekeza. Atumiza chizindikiro cha manja opemphera, akuti atumiza botolo lina lalikulupo.

Mawa shifiti ya 6 koloko, kuvula nsalu mipando mazana anayi ija ndi kuibweza kosungira. Kuya abwerako pakatha miyezi iwiri, nthawi ya nkhomaliro ilipobe, gitala ilipobe. Pakali pano ndakhala pa mpando wanga ndikulemba izi. Sugwedera, msana sukupweteka, mawondo ali pamalo pake. Mpando wokhawo mu Dubai muno umene uli wanga.

"Tadzuka pang'ono, mphwanga," akutero a Mbewe. "Tikufuna mchere."

Ndadzuka.